Kambuku sakugonanso panja

Lachiwiri lapitali m'mawa ndikusesa pakhonde ndinangomva mwana akuseka mkati, kuseka kuja koti watola chinachake. Kulowa ndipeza wagwira khoswe kumchira, khosweyo akadaphupha, Kambuku pusi wathu ali phee pambali kuonerera. Mwanayu ali ndi chaka ndi miyezi 4, chilichonse chomwe watola chimathera kukamwa, ndiye tangoganizani mmene mtima unandidukira. Ndinamusambitsa manja ndi sopo kangapo ine thupi likunjenjemera.

Chinandiopsa kwambiri nchoti kuno ku Chilobwe anthu ambiri amathira mankhwala a makoswe makamaka akasunga chimanga m'nyumba, ndipo khoswe wodya poizoni amafooka, ndi yemweyo amene pusi amagwira mosavuta nkubwera naye pamkeka. Kuwonjezera apo pusi wodya mbewa ndi timbalame taziwisi amatha kutenga matenda otchedwa toxoplasmosis, tizilombo take timatuluka m'chimbudzi chake, ndipo mukudziwa pusi amakakwirira pamchenga pomwe ana amaumba tinyumba tawo pomwepo, kwa mayi woyembekezera ndiye nkoopsa zedi kwa mwana wam'mimba.

Bambo ake mwanayu anati tingomupereka kumudzi basi. Apongozi atamva pafoni nawonso anati "aaa mayi, mphaka wotsekera m'nyumba ndi mphakanso ameneyo? Nanga makoswe adzaopa ndani?" Zoona ndithu, Kambuku tinamutenga chifukwa cha makoswe omwewo ndipo ntchito yake wagwira zaka 3, ine kumuthamangitsa sindingathe, sanalakwe kanthu.

Ndiye tagwirizana kuti dzuwa likamalowa azilowa m'nyumba mpaka kunja kutayera bwinobwino, poti amphaka amasaka kwambiri madzulo ndi m'bandakucha. Masana akutuluka koma tamuveka kabelu pakhosi, ndipo zenera la kukhitchini lomwe ankalowera ndi nyama zake tatseka ndi waya. Kubafa taika beseni la mchenga lomwe ndikutaya tsiku lililonse, chifukwa tizilombo tija timayamba kupatsirana chimbudzi chikakhalitsa kupitirira tsiku. Katemera wachiwewe anamubaya kale nthawi ya kampeni ya bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies, chatsala ndi mankhwala a njoka zam'mimba.

Ndinawerenganso kuti ofufuza a ku University of Exeter mu 2021 anapeza kuti kusewera ndi pusi mphindi 5 mpaka 10 patsiku komanso kumupatsa chakudya cha nyama yambiri kumachepetsa nyama zomwe amabweretsa kunyumba. Zakudya za amphaka zam'zitini ife sitingakwanitse, koma bonya ndi mitu ya usipa ndamuwonjezera, ndipo madzulo ndimamukokera kansanza pachingwe iye nkumadumphira, mwana amachita kufa nako kuseka.

Usiku uwiri woyamba analira pachitseko mpaka ndinatsala pang'ono kumutsegulira, zinandimvetsa chisoni heve. Pano akugona pamwamba pa matumba a chimanga, ndipo msampha womwe ndinatchera kuseri kwake sunakole kanthu.