Khoti ndi lomwe lija, koma usiku wasowa

Ndimagwira ntchito ya usiku pa nyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Indiana, kuyambira 11 koloko mpaka 7 koloko mmawa. Chipinda cha kumapeto muli agogo ena aamuna amene tulo tinawakana kalekale. Ikamakwana 2 koloko amaliza belu, ati ndiwakonzere pilo, koma tonse awiri timadziwa kuti pilo alibe mlandu. Akufuna munthu woonera naye TV. Ndi m'chipinda chimenecho momwe ndinaidziwira Night Court yakale, ndili chiimire pakhomo, khutu limodzi kumabelu a zipinda zina.

Kwa amene simunaionepo: ndi sewero loseketsa la pa kanema ya NBC ku America lomwe linayamba mu 1984 n'kutha mu 1992, magawo 193. Zonse zimachitikira m'khoti lozenga milandu usiku ku Manhattan, mumzinda wa New York. Jaji wake, Harry Stone, anali wachinyamata wokonda masalamusi ndi nyimbo za Mel Tormé. Mpandowo anaupeza mwangozi: meya amene ankachoka paudindo anaimbira foni anthu a pamndandanda tsiku Lamlungu, ndipo yekhayo ndiye anapezeka panyumba. Kutsogolo kwake kunkadutsa zidakwa, mahule, opisa m'matumba, amisala, ambiri n'kutuluka ndi faindi ya madola 50.

Nditamva kuti seweroli linadzutsidwa mu Januwale 2023, ndinalisaka pa intaneti kuti tsiku lina ndiwadabwitse agogo aja. Ndinayamba ndaonera ndekha kunyumba masana, makatani otseka, nsima ya dzulo ndikutenthetsa. Zigawo (masizoni) zonse zitatu ndinazimaliza, ndiye ndili ndi pakamwa poyankhulira.

Chipinda cha khoti anachimanga bwino, mabenchi ake omwe aja. Pampando pali Abby Stone, mwana wa Harry, ndipo akusewera ndi Melissa Rauch, uja ambiri tinamudziwira pa The Big Bang Theory. Harry Anderson, amene ankasewera Harry Stone, anamwalira mu 2018, choncho m'nkhanimo naye Harry Stone ndi malemu. Rauch sindikumunyoza, luso ali nalo. Vuto ndi loti Abby ndi wabwino mtima kuyambira pa chiyambi mpaka pa mapeto, wosekerera ngati mlangizi wa kwaya ya ana. Bambo ake nawo anali achifundo, inde, koma ankakusiya ukukayika ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Olemba anayesa kumupatsa Abby chipsera, kuti kale ankamwa mowa mwauchidakwa ndipo anasiya. Magawo okhudza zimenezi ndiwo anandigwira mtima, kungoti ndi ochepa.

Tsono Dan Fielding. Apa ndipo pagona nkhani yanga.

M'sewero lakale Dan anali loya wa boma, munthu wachimasomaso, wodzikonda, wokonda ndalama, wonyoza osauka pamaso pawo. Unkadana naye uku ukuseka mpaka nthiti kuwawa. A John Larroquette anatenga mphoto ya Emmy zaka zinayi zotsatizana chifukwa chosewera Dan, kuyambira 1985 mpaka 1988, kenako anapempha okha kuti asamawaikenso pampikisano. Mu 2023 anabwerera ali ndi zaka 75, ndevu zili mbuu. Dan watsopanoyu mkazi wake anamwalira, ankangoyenda n'kumaperekera anthu masamoni, ndipo Abby akumunyengerera kuti abwerere kukhoti, ulendo uno ngati loya woimira anthu osowa ndalama. Ganizolo ndi labwino. A Larroquette akangokweza nsidze kapena kukoka mawu amodzi, chipinda chonse chimakhala chawo. Koma mano anamuzula. Ndikumvetsa kuti zambiri zimene Dan ankauza akazi mu 1986 lero sizingaulutsidwe, ndipo zina mwa izo ngakhale ine zimandichititsa manyazi ndikamaonera ndi agogo. Komabe akanatha kumusiyira dyera, kapena nkhanza pang'ono. M'malo mwake tili ndi nkhalamba yong'ung'udza yomwe pakutha pa mphindi 22 imaulula kuti imawakonda anzake onse. Ndiwo zopanda tsabola, mchere wokha.

Chomwe chinandisowa kwambiri ndi usiku weniweniwo. Ife ogwira ntchito ya usiku timaudziwa. Pofika 3 koloko nkhope imagwa, khofi amamveka ngati madzi otsukira mbale, mnzako akakufunsa funso lachibwana umamuyankha mokalipa kenako nonse n'kuphulika kuseka popanda chifukwa. Sewero lakale linali ndi fungo limenelo: makoma akuda, magetsi ofooka, anthu otopa. A Selma Diamond, amene ankasewera mlonda wa khoti, ankayankhula ndi mawu okhakhala ngati munthu woti wakhala maso sabata yathunthu. M'latsopanoli aliyense akuoneka kuti wagona bwino, wasamba, wadzola. Kuwala kuli ngwee ngati m'sitolo. Milandu nayo yachepa mphamvu, nthawi yambiri ikuthera pa zibwenzi ndi mavuto a ogwira ntchito, pomwe kale oimbidwa milandu ndiwo ankabweretsa misala.

Osewera atsopano sanakhazikike. Kapil Talwalkar, kalaliki, anachoka chitatha chigawo choyamba, m'malo mwake munalowa Nyambi Nyambi. India de Beaufort naye anachoka, Wendie Malick n'kutenga mpando wa loya wa boma m'chigawo chachitatu, ndipo kunena zoona iye ndi a Larroquette akamalumana m'pamene seweroli linkayamba kununkhira. Lacretta ngati Gurgs, mlonda wa khoti, amandiseketsa nthawi zina. Marsha Warfield atatulukira ngati Roz, mlonda wa khoti wa m'sewero lakale, kumapeto kwa chigawo choyamba ndinakuwa ndekha m'nyumba. Ena a m'sewero lakale sanabwere: Charles Robinson ndi Markie Post anamwalira mu 2021, Richard Moll, Bull wamtali wadazi uja, mu 2023.

NBC inalithetsa mu Meyi 2025. Sindinalire, koma zinandiwawa pang'ono, poti lakale lija nalo linatenga nthawi kuti lipeze anthu ake, ndipo ili linali litangoyamba kuwapeza.

Agogo aja ndinawaonetsa gawo loyamba pa foni yanga, nditaitsamiritsa pa kapu ya madzi. Anaonera mwakachetechete mpaka Dan atatulukira. Anayandikiza nkhope, n'kundifunsa kuti nkhalamba yandevuyo ndani. Nditawauza, anaiyang'ananso nthawi yaitali, dzanja likusisita chibwano chawo.

Kenako anati, "Wakalamba bwanji mnyamatayu. Tayatsa TV ija, mwana wanga, tione Harry."

Belu la chipinda china linalira ndisanapeze rimoti.