Kuchokera ku Ulongwe kukakwera nsanja ya pa Goa

Chapa (minibasi) yathuyi inayamba ndi kachewere. Ine ndi mlamu wanga tinkagula matumba ku Tsangano ndi kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, n'kukagulitsa ku Nampula, kudzera m'Malawi. Tinkatuluka pa Calomue, kutsetsereka pa Khwekhwelere mpaka Golomoti, kenako Mangochi, n'kubwereranso kwathu pa Mandimba. Kuchoka apo ndi Cuamba, basi njira yonse mpaka Nampula. Pobwerako tinkanyamula mchere ndi nsomba zouma.

Tsiku lina katundu atatha msanga, mlamu anati tiyeni tikaone nyanja yamchere. Tinafika pa chilumba cha Ilha de Moçambique titawoloka mlatho wa makilomita oposa 3, wopapatiza moti magalimoto amachita kudikirana. Tili kugombe, mwini ngalawa wina anatilozera kachilumba kum'mawa, pomwe panaima nsanja ya mizere yofiira ndi yoyera. Eni ake amati farol. Inamangidwa pachilumba cha Goa mu 1876, Ilha ikadali likulu la dziko lino, asanalisamutsire ku Lourenço Marques (Maputo wa lero) mu 1898. Usiku nyale yake ndiyo inkauza oyendetsa zombo polowera padoko kuti asagunde matanthwe. Tinakwera ngalawa ya thanga, tinakafika, tinajambula ndi foni.

Zithunzizo ndi zomwe zinatiyambitsira ntchito ina. Amayi a kwaya ya ku tchalitchi kwathu ataziona anafunsa kuti kupita kumeneko n'ndalama zingati. Ife a ku Angónia ndife anthu a kumapiri. Ambiri madzi aakulu omwe anawaonapo ndi Zambezi pa mlatho wa mu mzinda wa Tete. Tinawerengetsa mafuta, malo ogona ndi ngalawa, iwo n'kumasonkha mametikale pang'onopang'ono kwa miyezi inayi.

Ulendo woyambawo ndinauononga ndekha. Ndinasankha Julayi poganiza kuti kulibe mvula, osadziwa kuti ndi nthawi ya mphepo ya kum'mwera, yonga mwera uja amauopa asodzi a ku Mangochi. Mwini ngalawa tinamudziwa uja anakana, anati tidikire mawa. Ine poona kuti mawalo ndilipiranso malo ogona a anthu 14, ndinakapeza wina wovomera. Sitinafike ngakhale pakati. Mafunde anayamba kutimenya, amayi kusanza, ena kupemphera mokweza, mpaka tinabwerera. Ndinawabwezera ndalama ya ngalawa, koma manyazi ake sindinathe kubweza. Kwa milungu ingapo pamsika ankangondiitana kuti "a kapitawo a m'madzi".

Amayi akunyumba ndi omwe anati tisasiye. "Bambo, vuto si nyanja ayi, vuto ndi inu osamva za eni malo." Ndinawawidwa nazo, koma sananame.

Masiku ano timagona pa Ilha masiku awiri kapena atatu, ndipo loti tiwoloke amanena ndi mwini ngalawa, osati ine. Timanyamuka mbandakucha nyanja ili bata, aliyense atavala jekete loyandamitsa. Madzi akumwa ndi chakudya timatenga tokha, chifukwa pa Goa palibe sitolo, ndipo mthunzi ndi wosowa. Nyengo ikakana timayenda mumzinda wakale, womwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, inauika m'gulu la malo osungidwa mu 1991. Timakaona linga la São Sebastião ndi kachalichi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522. Anthu amasangalala nazo ndithu, koma mumawaona maso ali kum'mawa.

Kukwera nsanjayo kumafuna mawondo. Masitepe ake ndi ambiri, ndipo ofooka timawasiya pansi akutola zigoba m'mchenga. Pa ulendo wachitatu panali agogo ena a ku Domue, alimi a dimba, omwe anakana kutsala. Anakwera mopumira, atagwira dzanja la mdzukulu wawo. Atafika pamwamba anayang'ana mbali zonse, madzi okhaokha, obiriwira pafupi ndi mchenga, akuda chakutali. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandikoka malaya.

"Mwana wanga, madzi onsewa palibe angathirire nawo kabichi?"

Ndinawauza kuti ndi amchere. Anapukusa mutu ngati amva za maliro.

Phindu lenileni likadali la kachewere, ndisaname. Maulendo a kunyanja timapanga awiri kapena atatu pachaka, anthu akagulitsa zokolola, ndipo msewu wautaliwu umadya matayala. Chovuta china ndi ziphaso, chifukwa timadutsa malire kawiri popita, kawirinso pobwera, ndipo mmodzi akaiwala chake tonse timakhala pachipata. Choncho ndimaziona ndekha kutatsala mlungu umodzi. Ulendo wotsatira ndi wa aphunzitsi, mu Okutobala, ndipo agogo a ku Domue atumiza kale uthenga kuti tiwasungire mpando wa achemwali awo.