Ndachira, ndipo ndikuthokoza amene munandigwira mkono

Lachiwiri lapitali ndatuluka m'chikuta ndi mwana wamkazi. Ndati ndisachedwe kuthokoza, poti amene munandithandiza ndinu ambiri.

Anzanga a kuno ku Bembeke mukukumbukira mmene zinayendera pa mwana wachisamba, zaka zitatu zapitazo. Matenda anayamba madzulo, ndinachezera usiku wonse, mpaka kunja kunacha njira yotulukira mwana itatseguka masentimita 6 okha, osasuntha. Mtima wa mwana utayamba kufooka, ananditengera ku chipatala chachikulu pa ambulansi n'kukandichita opaleshoni. Mwana anabadwa wamoyo, koma ine ndinabwera kumudzi ndili wosweka mtima. Tsiku lina tikukumba kachewere kudimba ndinamva wina akunong'ona kuti, "Ameneyu ndi waulesi, anaopa kukankha." Wina anachita kundifunsa pamaso ngati panalibe chimene ndinabisa, poti mukudziwa zimene ena amanena, zoti mwana akachedwa kubadwa ndiye kuti wina m'banjamo anayenda mwamseri. Chaka chathunthu ndinkasamba osayang'ana pamimba panga.

Ndiyambe ndi inu amayi azamba a kusikelo. Nditabwera ndi pakati pachiwiri, manja akunjenjemera, munawerenga buku langa lonse mosathamanga. Munandiuza kuti opaleshoni imodzi sitseka njira mpaka kalekale. Popeza anacheka mopingasa m'munsi mwa chiberekero, zaka ziwiri zinali zitadutsa, mwana anali mmodzi ndipo anadzagona mutu pansi, ndikanatha kuyesa kubereka ndekha. Koma simunandinamize. Munati chipsera chimatha kung'ambika, choncho ndikachirire kumene kuli fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, ndi magazi, osati kunyumba kapena pa chipatala chaching'ono. Ndinalira pa benchi paja, anthu akuona.

Apongozi anga, ine ndilibe chokubwezerani. Masabata atatu munakhala nane kuchidikiro m'chisanu chija cha Dedza cha mu Julayi, mukugona pa mphasa, mukudzuka mbandakucha kukoleza moto kuti ndimwe phala lotentha. Ndipo wachibale wina atabwera ndi mwanamphepo m'kabotolo, atakulunga m'chitenje, akuti ndimwe kuti matenda afulumire, inu munamulanda n'kukathira kuseri. Munati, "Mwana wangayu ali ndi bala m'mimba, mukufuna kundiphera?" Mawu akuti mwana wanga aja sindidzawaiwala.

Bambo a kunyumba, munagulitsa matumba a mbatata musanafune kuti tipeze beseni, zitenje ndi ya thiransipoti, komanso munapita nane kusikelo osachita manyazi. Amayi a mu mphakati mwathu, nkhuni ndi ufa zinafika. Mulungu akubwezereni pamene munachotsapo.

Usiku wa matendawo anamwino sanandisiye. Pakapita mphindi 30 zilizonse ankabwera kudzamvera mtima wa mwana, n'kumandifunsa ngati pachipsera pakuwawa ngakhale ululu utaleka. Ndinali nditavomera kale kuti zikavuta andilowetse ku fiyeta, ndipo ulendo uno ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinayendayenda m'khonde nditagwira khoma, ndikubuula. Atanena kuti njira yadutsa pa 6, pamene ndinaimira kale paja, mphamvu zinabwera zimene sindidziwa kumene zinachokera. Tambala woyamba akulira, mwana anali pachifuwa panga, wofunda, akufunafuna bere.

Pomwepo ndinakumbukira anthu amene sindinawathokozepo: madokotala ndi anamwino amene anandichita opaleshoni ija. Zaka zonsezi ndinkawasungira kukhosi ngati anandilanda kanthu, chonsecho mwana amene anamupulumutsa ndi uyu akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Ndikhululukireni, ndipo zikomo kwambiri.

Panalinso mayi wina pa bedi loyandikana nane amene anayesa ngati ine, koma iye anabwereranso ku fiyeta. M'mawa mwake, akulephera kutembenuka, anandifunsa ngati mwana wanga akuyamwa bwino. Achemwali, ngati uthengawu ukupezani, ndimakukumbukirani m'pemphero, ndipo wina asayerekeze kukunenani monga anandinenera ine.

Dzulo ndikuyamwitsa, wachisamba uja anaona chipsera n'kufunsa kuti, "Amama, munavulala ndi chiyani apa?" Ndinatenga kadzanja kake n'kukaika pomwepo. Ndinati, "Iwe unatulukira apa."