Stem ya wotchi ya malemu bambo itakana kutuluka

Wotchi ya malemu bambo, ija yowayinda pamanja, inakhala m'kabati ku Kawale zaka zambiri. Nditati ndiitsuke m'kati, ndinakakamira poyambirira pomwe. Stem, kachitsulo kaja kochokera ku kamutu kowayindira n'kulowa m'makina, inakaniratu kutuluka. Ndipo iyo isanachoke, makina satuluka m'kesi.

Ndinatsegula kuseri n'kuyamba ndaphwetsa sipuling'i yaikulu pang'onopang'ono, kuti mphamvu yake isathyole mano a magiya. Pafupi ndi pamene stem imalowera pali kasikulu kakang'ono. Kameneka kamagwira kachitsulo kena kobisika kuseri kwa nkhope ya wotchi, komwe kadzino kake kamalowa mu kamzere ka pa stem. Mawotchi ena amakhala ndi kabatani kodina m'malo mwa sikulu, koma ya bamboyi ndi yasikulu. Ndinakamasula kamodzi ndi theka. Ndikoke, zii.

Apa mtima unkati masulanso. Mwayi ndinayamba ndapita nayo kwa mmisiri wina wa mawotchi cha kudepoti. Anaika kagalasi kake padiso, n'kufunsa: "Achimwene, mwazunguza kangati?" Nditawauza anati ndilekere pomwepo, chifukwa ndikapitiriza kachitsulo kakuseri kagwa, ndiye ndidzachita kuchotsa mivi ndi nkhope yomwe kuti ndikabwezeretse. Vuto si sikulu, anatero, ndi dzimbiri. Thukuta ndi madzi amvula zimalowera pa kamutu paja, ndipo bambo ankavala wotchiyi ngakhale kumunda.

Kunyumba ndinatapa kadontho ka mafuta omasulira dzimbiri pansonga ya singano, n'kupaka polowera stem pokha. Osapopera ayi! Mafutawo akafika pa kasipuling'i kowonda ngati tsitsi, kamene kamasunga liwiro la wotchi, kamamatana, wotchi n'kuyamba kuthamanga ngati minibasi ya ku Area 25 madzulo. Ndinaisiya usiku wonse.

M'mawa ndinatsindika mutu wa kasikulu kaja pang'ono ndi sikuludiraiva, kuti kadzino kachoke mu kamzere, dzanja lina likuzunguza kamutu uku ndi uku, kukoka mowongoka. Pulayala ndinaiika kutali dala, poti stem ikathyokera m'kati ntchito yake ndi ina. Koyamba inakana. Kadontho kena, tsiku lina. Tsiku lachitatu ndinamva kuti tswa, n'kutuluka, ili yofiira ngati dothi la katondo. Ndaipala ndi kasandipepa kosalala kwambiri, ndipo pano ili m'kabotolo kudikira kuti makina atsukidwe.