Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 19: Anthu Oopa Motorway

M'gawo lapitali tinalekezera pamene ndinayamba ntchito yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kuno ku Manchester. Lero za ine mwini zichepa, chifukwa ntchitoyi inabwera ndi funso limene anthu akwathu amandifunsa mpaka pano, ena mwa iwo oti laisensi anatenga kalekale: "Achimwene, ine motorway sindiyendamo. Kodi ndikulakwitsa?"

Motorway ndi msewu waukulu wa maleni angapo woyendamo mothamanga. Ndimawayankha kuti kupewa kwa kanthawi, pa chifukwa chodziwika, n'kwanzeru. Koma kulumbira kuti simudzapondamo mpaka kale sikukutetezani monga mukuganizira.

Mantha amenewa ali ndi pochokera. Munthu akasamukira kuno kuchokera ku Malawi amaloledwa kuyendetsa ndi laisensi ya kwathu kwa miyezi 12 yokha. Anzathu a ku South Africa ndi Zimbabwe amangosinthitsa yawo, ife timayambiranso mayeso. Mayesowo sadutsa pa motorway, ndipo mpaka pa 4 June 2018 wophunzira sankaloledwa n'komwe kulowamo. Lero amaloledwa pokhapokha ali ndi mphunzitsi wovomerezeka, m'galimoto yokhala ndi buleki kumbali ya mphunzitsiyo. Choncho ambiri amakhoza mayeso asanalowemo, tsiku loyamba n'kudzapezeka ali okhaokha pakati pa mathiraki. Onjezanipo chizolowezi cha kwathu. Amene anaphunzirira pa M1 yathu ija, wodutsa pa Lizulu tsiku la msika, maso ake anazolowera kusaka kabaza, mbuzi ndi minibasi yoima posayembekezereka, phazi lili chire pa buleki. Kumeneko chizolowezicho chimapulumutsa moyo. Polowera motorway chimaika munthu pangozi.

Tiyambe ndi kumene mumapita mukaipewa. Kuchoka ku Manchester kupita ku Leeds pa M62 ndi ulendo wa ola limodzi msewu ukakhala wabwino. Mukaikana, mudzera A62, kudutsa Oldham, kukwera phiri la Standedge, kutsikira ku Marsden ndi Huddersfield, ndipo nthawi imatha kufika pafupifupi kawiri. Nthawiyo si nkhani yaikulu. Nkhani ndi yakuti pa misewu ya kumidzi yotere malire a liwiro m'malo ambiri ndi 60 mph (mailosi 60 pa ola), ndipo pakati pa inu ndi galimoto yochokera kutsogolo pali utoto wokha. Pali makona, mathirakitala, njinga, ndi anthu otuluka m'tinjira ta m'mafamu. N'chifukwa chake anthu oposa theka la ofera pamsewu ku Britain amafera m'misewu ya kumidzi, pamene ma motorway, omwe amanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtunda wonse umene magalimoto amayenda, imfa zake ndi zochepa kwambiri poyerekeza. Mu motorway onse amalowera kumodzi, pakati pali chotchinga, mulibe oyenda pansi, mulibe mphambano.

Palinso msampha wina. Mukauza Google Maps kuti ikupewetseni ma motorway, sikuti yachotsa misewu yonse yothamanga. Ikhoza kukuponyani pa A50, A14 kapena A34, komwe liwiro ndi 70 mph yomweyo, koma njira zolowera ndi zazifupi, poima pambali ndi pochepa, ndipo thirakitala imaloledwa. Munthu amene amayenda pa misewu imeneyi sabata ndi sabata, n'kumati motorway sangaithe, akuchita kale chinthu chovuta kuposa chimene akuthawa.

Mukawafunsitsa oopawa, pafupifupi onse mantha awo ali pamalo amodzi: pa slip road, polowa. Ndiye tiyeni tikhalitsepo.

Mu leni ya kumanzere mumayenda mathiraki, ndipo injini zake anazitsekera pa 56 mph. Limenelo ndilo liwiro loti mufike nalo kumapeto kwa slip road, pakati pa 55 ndi 60 msewu ukamayenda bwino. Ngati galimoto yanu ndi ya injini yaing'ono, ya 1.0 kapena 1.2, musathamangire giya yachisanu. Khalani mu yachitatu, pondani moto mpaka cha m'ma 50, kenako yachinayi. Injini ilira mokweza, isiyeni ilire, siiwonongeka. Ambiri akamva kulirako amachita mantha n'kusintha giya msanga, galimoto n'kufooka pamene ikufunika mphamvu. Ya otomatiki imafuna kuti muponde mozama kuti itsitse giya yokha.

Maso ayambe ntchito msanga, pamene msewu waukulu wangoyamba kuonekera kumanja. Yatsani indiketa, onani pagalasi la m'kati, la kumanja, ndipo tembenuzani mutu pang'ono, chifukwa pambali pa phewa lanu pali malo amene magalasi saonetsa. Sankhani galimoto imodzi yoti mulowe kumbuyo kwake. Osati kutsogolo, kumbuyo. Mukatero mutu umapepuka: simukupikisana ndi aliyense, mukungolondola. Zili ngati kulowa m'bwalo la chimtali, umayamba kuponda motsatira ng'oma ukadali kunja.

Cholakwika chachikulu ndi kufika pamzere wodukizadukiza uja pa 35 kapena 40 mph. Woyendetsa amaona ngati akusamala, koma mpata umene ukanamukwanira pa 56 tsopano sukukwanira, chifukwa thiraki ya matani 44 ikumuyandikira mofulumira ndipo singaime ngati kagalimoto. Akaona choncho amaponda buleki, n'kuima kumapeto kwa slip road. Apo zavuta kawiri: wakumbuyo, yemwe maso ake ali kumanja kusaka mpata wake, akhoza kumuwomba, ndipo iye ayenera kuchoka pa ziro kufika pa 56 popanda pothamangira. Kuima n'koyenera pokhapokha msewu wonse uli pamdipiti. Mpata ukasowa, chotsani phazi pa moto pang'ono kuti thirakiyo idutse, mulowe pambuyo pake. Lamulo likuti amene ali kale mu motorway ndiwo ali ndi ufulu. Ambiri amasuntha kapena kukupatsani mpata, koma musawerengere zimenezo. Werenganinso chikwangwani cha pa slip road: pena leni yanu imapitirira n'kukhala leni ya motorway, ndiye palibe chophatikizana ndi aliyense.

Mukalowa, zotsalazo n'zosavuta kuposa kudutsa pakati pa tauni. 70 mph ndi malire, si lamulo loti mufikepo. Kukhala kumanzere pa 56 kapena 60 ulendo wonse si mlandu. Chofunika ndi mpata wa kutsogolo. Pa 70 mph galimoto imayenda mamita 31 pa sekondi imodzi, ndipo Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, imati kuti iime pamafunika mamita 96, kutalika kwa magalimoto 24. Yakutsogolo ikadutsa pansi pa mlatho, werengani masekondi awiri inu musanafikepo. Kukamagwa mvula, anayi. Wina akalowa mumpata wanuwo, ndipo adzalowa ndithu, ingobwererani m'mbuyo pang'ono popanda kumukwiyira.

Amantha ambiri amakonda leni ya pakati. Amati kumeneko sakumana ndi olowa, komanso sakhala pakati pa mathiraki. Kuyambira 2013 apolisi akhoza kukulipitsani chindapusa cha £100 ndi kukuikirani mapointi 3 chifukwa chokakamira pakati kumanzere kuli mbee. Amene laisensi yake sinakwane zaka ziwiri akumbuke kuti mapointi 6 okha amailanditsa, n'kuyambiranso mayeso onse. Popitirira thiraki, chitani mwachangu ndipo musayende nayo limodzi m'mbali. Mudzamva mphepo ikukukankhani pofika kumutu kwake, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, osachigwedeza. Kukagwa mvula matayala ake amakuwazani madzi mpaka osaona kwa kamphindi, ndiye mawaipa ayambe musanafike. Samalani kwambiri ndi mathiraki a manambala a ku Ulaya: dalaivala amakhala kumanzere, ndipo inu mukakhala kumanja kwake mwina sakukuonani. Bwererani kumanzere mukaona kutsogolo konse kwa thirakiyo pagalasi la m'kati.

Potuluka, chikwangwani choyamba chimakhala pa mailosi imodzi, chachiwiri pa theka la mailosi. Pofika pa chachiwiricho mukhale muli kumanzere. Kenako pali tizikwangwani titatu ta mizere yoyera, wa mizere itatu, iwiri, umodzi, kutanthauza mayadi 300, 200 ndi 100. Indiketa iyake pa koyambako. Liwiro mukachepetsere pa slip road, osati mu motorway, ndipo yang'anani pa geji, chifukwa mukachoka pa 70 thupi limanama, 50 imamveka ngati 30, kutsogolo kuli raundabauti. Mukaphonya potulukira, pitirirani mukatulukire potsatira. Kudula mizere mwadzidzidzi kapena kubwerera chambuyo ndiko kumapha anthu. Usiku timagalasi ta pansi timakuuzani pamene muli: tofiira kumphepete kwa kumanzere, toyera pakati pa maleni, tachikasu kumphepete kwa kumanja, tobiriwira polowera ndi potulukira.

Pali mantha amodzi amene sindiwatsutsa. Pa zigawo zina za M1, M6, M62 ndi M25 anachotsa hard shoulder, malo a kumphepete oimapo galimoto ikawonongeka, n'kuisandutsa leni yoyendamo, zomwe amati smart motorway. Anthu anadandaula kwambiri galimoto zowonongeka zitawombedwa zili chiimire, ndipo mu April 2023 boma linaleka zomanga zatsopano, koma zomwe zilipo zikugwirabe ntchito. Pamenepo muyenera kudziwa zochita galimoto isanafe. Ikangoyamba kutsokomola, pitani kumanzere, yesetsani kufika potulukira, pa services (malo opumirapo ndi kuthira mafuta), kapena pamalo oimapo pangozi, omwe anawapaka utoto wa olenji ndipo pali foni. Yatsani mahazadi. Tulukirani zitseko za kumanzere, nonse ndi ana omwe, mukaime kuseri kwa chotchinga chachitsulo, kutali ndi galimotoyo. Chikwangwani chofiira cha makona atatu chija, chomwe kwathu timachilowetsa m'malo ndi nthambi za mitengo, pa motorway sachiika, chifukwa kuyenda pansi kukachiika n'koopsa kuposa phindu lake. Galimoto ikafera pakati poti simungatuluke bwino, khalani momwemo, lamba ali chimangire, mahazadi akuyaka, muimbe 999. Mukaona X wofiira pamwamba pa leni, chokanimo msanga. Kutsogolo kungakhale munthu amene zamuchitikira zomwezi, ndipo makamera amajambula ophwanya.

Masiku ena kupewa ndiko kuyendetsa bwino. Ngati mwavala katayala kosungira kaja kowonda, malire ake ndi 50 mph, ndipo kali bwino m'misewu ing'onoing'ono popita kokakonzetsa. Ngati mwaweruka shifiti ya usiku ya maola 12 kosamalira okalamba, msewu wowongoka wopanda maloboti ndi umene umagonetsa tulo, koma apo mankhwala ake si kusintha msewu, ndi kugona kaye kapena kukwera sitima. M62 cha pa junction 22 imakwera mamita 372, pamwamba kuposa motorway ina iliyonse ku England, ndipo nkhungu, mphepo ndi chipale zimayambira kumeneko. Woyamba kumene asakaphunzirire pamenepo mu January, ngakhale A62 tsiku lotero ndiye yoipirapo. Ngati magetsi a galimoto zina amakuthobwani m'maso usiku, kayezetseni maso. Ngati mtima umathamanga, manja kuchita thukuta, mpweya kubanika mpaka kufuna kuima pakati pa msewu, limenelo si vuto la luso. Kaonaneni ndi GP, dokotala wanu, chithandizo chake chilipo, ndipo kudzikakamiza nokha pa liwiro la 70 si njira.

Kupatula zimenezi, mtengo wa kupewa umaoneka pang'onopang'ono. Manchester Airport ili pa M56, Gatwick pa M23, Heathrow pakati pa M4 ndi M25, ndiye mlendo wochokera kumudzi akamatera mumayamba kuimbira anthu mafoni. Shifiti ya malipiro abwino ikapezeka tauni ina mumaikana. Maliro a m'bale wathu akagwa ku Leicester kapena ku Glasgow mumadikira wokutengani, ndipo mubwerera pamene mwini galimoto wafuna. Ndimaziona kwambiri kwa amayi: laisensi ali nayo, galimoto anagula ndi ndalama zawo, koma ulendo uliwonse wautali kiyi amapereka kwa bambo.

Wofuna kuyamba achite motere. Lipirani mphunzitsi maola awiri a motorway yokha, ngakhale laisensi yanu ndi yakale, palibe chamanyazi. Pali maphunziro a Pass Plus, a maola osachepera 6, omwe gawo lake limodzi ndi limeneli. Amuna anu kapena akazi anu akhoza kukhala odziwa kuyendetsa, koma "ponda! ponda!" wa pa slip road wasokoneza mabanja ambiri. Sankhani Lamlungu m'mawa kunja kuli kouma, pa motorway yaifupi ngati M67 kapena M66 kwa a kuno ku Manchester, osati pa Simister Island, pamene ma motorway angapo amakumana, Lachisanu madzulo. Lowani pa junction imodzi, tulukani pa yotsatira, zungulirani raundabauti, lowaninso. Chimene mukuphunzira ndi kulowa ndi kutuluka, choncho maulendo afupiafupi obwerezabwereza amaposa ulendo umodzi wa ku London. Musananyamuke onani mpweya matayala asanatenthe, mizere ya matayala isachepere 1.6 mm, oyilo, madzi otsukira galasi, ndi mafuta okwanira. Lowezani nambala ya junction yotulukira musanalize injini, kuti maso asamakhale pa foni. Mukazolowera onjezani chimodzi chimodzi: kupitirira thiraki, kenako mvula, kenako usiku. Pa ulendo wautali pumani mphindi 15 maola awiri alionse. Pa services kuimika galimoto ndi kwaulere kwa maola awiri oyamba, koma mafuta ake ndi odula, thirani musanalowe.

Gawo lotsatira ndidzakamba za inshuwalansi, ndi chifukwa chake zaka zonse zimene munthu anayendetsa ku Malawi makampani ambiri a kuno saziwerengera.