Tinapita kukakonzetsa makina a amalume ku Balaka

Loweruka, usiku. Ndikulemba nditakhala pamkeka pakhonde, nyali ya sola ili pambali panga, ndipo m'nyumbamu mukumveka phokoso limene linasowa kwa miyezi itatu: makina osokera a amalume ayambanso kulira.

Tinadzuka tambala atangolira kachiwiri, chifukwa dzuwa la Okutobala kuno ku Balaka silidikira munthu. Amalume anamasula mutu wa makinawo pathebulo lake lachitsulo, n'kuukulunga m'chitenje chakale ngati khanda, ine n'kuumanga pakaliyala ya njinga ndi malegeni. Ndi Singer yakuda, zilembo zake zagolide zinafufutika pamene pamagwira dzanja. Inayamba kudula ulusi ndi kudumpha misoko, ndipo iwo anali atayesa zonse zimene amadziwa. Ndinawauza kuti tiitane njinga yamoto, koma anakana. Anati makinawo sanakwerepo chinthu chothamanga ndipo mabampu angawasokoneze m'kati. Choncho tinayenda pansi, ine ndikukankha njinga, iwo ali pambuyo ndi ndodo yawo. Adutsa zaka 75, koma akayamba ulendo sapempha kupuma.

Titafika panjanji anaima. Ndinkaganiza kuti atopa, koma ankangoyang'ana chakusiteshoni.

"Mphwanga, iwe ukati Balaka umaganiza za depoti ndi ma minibasi. Ife Balaka anali pano."

Anafika m'tauni muno ali mnyamata, chaka chimene dziko linalandira ufulu, 1964. Njanji inali itakhalapo kale zaka pafupifupi 30, chifukwa yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inatha kumangidwa mu 1935. Akuti tsiku la sitima ndiye linali tsiku la tauni. Amayi ankayamba kukazinga mandasi usiku, ena n'kumaphika chinangwa ndi chimanga, anyamata n'kumadula nzimbe. Ikangolira patali, aliyense ankanyamula lichero n'kuthamangira m'mphepete mwa mabogi, malonda n'kumachitikira pawindo, ndalama kutsika, nthochi kukwera. Makalata ankabwera ndi sitima, mabelo a nsalu ankabwera ndi sitima, uthenga wa maliro kapena wa ukwati kawirikawiri unkatsika ndi munthu pasiteshoni pomwepo. Mu 1970 anatsegula njanji ina yopatukira pa Nkaya, kudutsa ku Liwonde mpaka ku Nayuchi kulowera kudoko la Nacala, ndipo anthu apaulendo anachuluka. Masiku ano sitima zimene zimamveka kwambiri ndi zazitali zija zonyamula malasha a ku Moatize kudzera pa Nkaya, zimene sizigula ngakhale nthochi imodzi.

Tinalowa mumsewu wa mashopu akale. Ine ndadutsapo kambirimbiri osaona kanthu, koma lero amalume anandiimitsa pa nyumba ina ya khonde lalitali, la zipilala zonenepa, imene pano amagulitsamo zipangizo za mafoni. Anakwera masitepe awiri, n'kugogoda simenti ndi ndodo pafupi ndi chipilala chakumanzere. Pamenepo pali timaenje tinayi tosalala, tosazama, tongokwana chala. Ndi pamene panaima miyendo ya thebulo la makina kwa zaka zoposa khumi.

Ndinagwada n'kutigwira. Sindikudziwa chifukwa chake zinandikhudza chonchi, koma ndinakhala kanthawi ndisanadzuke.

Shopuyo inali ya mmwenye. Dongosolo lake linali lakuti munthu agule nsalu m'kati, atuluke nayo pakhonde, telala amupime pomwepo. Pakhonde limodzi pankakhala atelala awiri kapena atatu, aliyense ndi tepi pakhosi, choko kukhutu ndi simbi ya makala pambali. Amalume anayamba ndi kukoleza simbiyo ndi kusokerera mabatani, kenako kupinda mipendero, ndipo panapita nthawi asanawalole kugwira sizasi. Akuti kudula ndiye utelala, kusoka aliyense angaphunzire. Nsalu zake anazitchula ngati akutchula abale awo: kaki, biliwita, satini, ndiponso zitenje za ku David Whitehead ku Blantyre fakitaleyo itayamba.

Chaka cha telala chinkayendera thonje. Kuno ndi dziko la thonje, ndipo misika ikatsegulidwa m'nyengo yozizira, alimi akalandira ndalama zawo, ankabwera banja lonse, bambo kutsogolo, mayi ndi ana pambuyo, aliyense kudzapimitsa chovala cha chaka chimenecho. Kenako Khirisimasi, ndiponso Idi, pamene abale athu achisilamu ankafuna mikanjo yatsopano ndipo atelala ankasoka mpaka usiku ndi nyali ya galasi. Ndalama zake zinali mapaundi ndi masheleni, ndipo ankakumbukirabe kobiri loboola pakati la nthawi ya chitaganya. Kwacha itabwera mu 1971, paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, sheleni n'kukhala 10 tambala, koma anthu anapitiriza kunena kuti sheleni kwa zaka zambiri. Amalume mpaka lero amalakwitsa dala.

Makasitomala amene ankawakonda kwambiri anali obwera ku Wenela, kutanthauza kumigodi ya ku South Africa. Munthu ankatsika sitima ndi sutikesi yachitsulo, bulangete lonenepa, wailesi, mwina ndi njinga yatsopano, n'kufika pakhonde akulankhula Chichewa chosakaniza ndi chilankhulo cha kumigodi. Sankanenerera mtengo. Ankafuna kuti mkazi wake ndi apongozi aoneke kuti mwamuna wabwera. Ndiye mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown ku Botswana, Amalawi 74 n'kufera pomwepo, ndipo Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi. Unadzayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma osafika pa chiwerengero chakale, mpaka unatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Amalume akuti panali amayi ena amene ankabwerabe kusiteshoni tsiku la sitima kwa miyezi ingapo ngoziyo itachitika.

Apa ndinawafunsa kuti makinawa anawapeza bwanji, ngakhale nkhaniyi ndinaimvapo ndili mwana. Ndinkafuna ndiimve titaima pamalo pake.

M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amwenye kuti achoke m'madera akumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Cholinga chinali chakuti mashopuwo atengedwe ndi Amalawi. Mwini shopu ya amalume anapakira katundu wake kupita ku Limbe. Tsiku lomaliza anawaitana n'kuwauza kuti makinawo awatenge, azilipira pang'onopang'ono akamapeza. Analipira kwa zaka ziwiri, akumatumiza ndalama kudzera kwa mnzawo wogwira ntchito m'sitima.

Sanamukometsere mmwenyeyo. Anati malipiro anali ochepa, kulowa m'nyumba mwake kunali kosatheka, ndipo mawu ena amene ankawanenera antchito sangawabwereze pamaso panga. Koma anatinso atachoka, msewu uno unazizira. Ena mwa amene anatenga mashopu analibe mpamba wokwanira kapena wowakongoza katundu, ndipo pasanathe zaka zambiri zitseko zina zinatsekedwa, mashelefu ali mbee. Chipiku ndi PTC zinathandiza pa sopo, shuga ndi mchere, koma nsalu ya pa yadi inayamba kuvuta. Zinthu ziwirizi anazinena motsatizana, mawu osakwera, ndipo sanasankhe chimodzi. Ine ndinazolowera anthu amene akamakamba za kale amangotamanda kapena amangonyoza, ndiye ndinamvetsera kwambiri.

Wokonza makina tinamupeza kuseri kwa msika, pakashedi ka malata, pakati pa wowotcherera mapoto ndi wokonza maambulera. Ndi bambo wachikulire nayenso, ndipo atangoona amalume anavula chipewa. Anamasula chitenje chija, n'kupukusa gudumu ndi dzanja, khutu ali nalo pafupi. Kenako anatsegula kunsi, n'kutulutsa shatulo, n'kuiyendetsa pa chikhadabo. Nsonga yake inali itaperepeseka moti sinkakolanso ulusi bwino. Anapita m'kachitini ka zitsulo zakale, n'kuvundukula kwa nthawi yaitali, mpaka anapeza ina yochokera m'makina akufa. Anaipala pang'ono ndi sandipepa, n'kutsuka m'kati monse ndi palafini, n'kudontheza mafuta m'timabowo tonse. Atayesa pakansalu, msoko unatuluka wowongoka mbali zonse ziwiri. Amalume anautembenuza kawiri, n'kuukoka ndi mano, osanena kanthu. Tinagulanso lamba watsopano ndi masingano.

Podikira, ndinawagulira thobwa, ndipo tinakhala pabenchi moyang'ana chipata cha msika. Mpamene anayamba nkhani ya makadi. Pachipata ngati chimenechi pankaima anyamata a malaya ofiira, ndipo wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Panali amayi oyembekezera amene ankauzidwa kuti agulirenso mwana wa m'mimba. Atelala nawo lamulo linkawafika pathebulo. Kuyambira 1973 mkazi sankaloledwa kuvala buluku kapena siketi yosafika pansi pa mawondo, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa. Mtsikana akabwera n'kunong'ona kuti amufupikitsire pang'ono, amalume ankakana, chifukwa akagwidwa funso loyamba linkakhala lakuti anasoka ndani. Komanso sanabise kuti nsalu ya mbumba inkawapatsa ndalama. Kukamveka kuti Ngwazi ikubwera kudzayendera mbewu, amayi ankabwera ndi nsalu ya nkhope yake mulu, ndipo ankasoka osagona.

"Tinkadya, mphwanga, koma tinkayankhula ndi maso. Pakhonde pakakhala munthu wachilendo, nkhani inkasanduka ya mvula."

Chimene amanyadira nacho kwambiri pa tauni yawo ndi cha mu 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi chaka chimenecho, yodzudzula kusowa kwa ufulu ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka, inasindikizidwa konkuno ku Balaka, kwa a Montfort. Boma linailetsa, ndipo nyumba yosindikizirayo inaotchedwa. Amalume si Akatolika, koma akuti kalatayo inayenda m'manja mwa anthu a mipingo yonse, ena ataibisa m'matumba a ufa. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, anthu anavota pa riferendamu n'kusankha zipani zambiri. Iwo anapita kukaima pamzere kusanache.

Ndipo ufulu womwewo ndi umene unabwera ndi kaunjika. Anandilozera mbali ya msika kumene mabelo amatsegulidwa, anyamata akukuwa mitengo, amayi akusankha m'milu. Malaya osokedwa kale, otchipa kuposa nsalu yokha, telala angapikisane nawo bwanji? Anzawo ambiri anagulitsa makina n'kubwerera kumunda. Iwo anatsala ndi mayunifolomu a sukulu, ndi kuchepetsa zovala za kaunjika zomwezo, ndi zigamba. Anachoka pakhonde n'kukaika makina kunyumba. Sakwiya nazo. Akuti mwana wa mlimi amene kale ankakhala ndi kabudula mmodzi chaka chonse pano ali ndi atatu, ndipo iwo sangadane ndi zimenezo. Chimene chimawapweteka n'chakuti palibe mdzukulu ngakhale mmodzi amene anafuna kuphunzira kudula. Apa ndinayang'ana pansi, chifukwa inenso ndili m'gulu lomwelo.

Pobwerera tinadutsa kumaofesi a boma. Anandikumbutsa kuti Balaka anakhala boma pa yekha mu 1998, ndipo kale nkhani iliyonse ya kwa DC inkafuna ulendo wa ku Kasupe, kumene pano timati Machinga. Zimenezi anangozinena podutsa. Dzuwa linali litafika pamutu, njinga za kabaza zikutiimbira mabelu, ndipo tonse tinali ndi njala. Tinafika kunyumba cha m'ma 2 koloko, azakhali atatisungira nsima ya nandolo.

Sanapume n'komwe. Anabwezera mutu pathebulo, n'kudula lamba watsopano pa muyeso wake, n'kumulumikiza ndi kawaya, n'kuponda. Ana a nyumba zoyandikana anabwera kudzasuzumira pawindo. Choyamba kusoka chinali thumba la sukulu la mdzukulu wawo limene linang'ambika chogwirira.

Madzulo ano anandiitana m'nyumba n'kundiuza kuti ndiimirire bwino. Anandipima mapewa, chifuwa, mkono ndi khosi, manambala n'kumawalemba ndi pensulo kuseri kwa katoni ya sopo. Nsalu anali nayo kale m'sutikesi, chitenje cha buluu chimene akuti anasunga kuyambira chaka chatha. Andiuza kuti mawa ndisanakwere minibasi ya ku Lilongwe akhala atadula, ndizionerera, ndipo sizasi ndigwirako pa mkono umodzi. Malayawo ndidzawatenga pa Khirisimasi.