Waya wa short amene amaoneka ngati wodulidwa

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Nkhani ya transmission line, waya wonyamula mafunde a wailesi, yandilowa, ndipo yalowera pa chinthu chimodzi. Mukadula coax (chingwe chokhala ndi waya wapakati ndi wina wakunja womukuta) yotalika kota ya wavelength (utali wa funde limodzi), n'kulumikiza waya wapakati ndi wakunja kumapeto kwake, mukayeza kuchokera mbali inayo mumapeza ngati palibe chilichonse cholumikizidwa. Kumapeto short (mawaya agundana), kutsogolo open (ngati waya wodulidwa). Anzanga amene tikulimbana ndi RF (magetsi a mafunde a wailesi) kuno ku Thyolo mukudziwa kale za Z0 (ma ohm a wayayo) ndi reflection coefficient (gawo la funde lomwe limabwerera), ndiye sindibwerezanso.

Chimatisokoneza ndi magetsi amene tinakula nawo. A ESCOM amayenda pa 50 Hz, ndipo wavelength yake ndi makilomita 6,000. Pa utali wotere waya wa m'nyumba ndi kadontho chabe, voteji ya kuno ndi ya uko n'chimodzimodzi, short ndi short basi. Koma wailesi ya FM pa 100 MHz wavelength yake ndi mamita 3, foni pa 900 MHz ndi masentimita 33, WiFi pa 2.4 GHz ndi masentimita 12.5. Zikafika pamenepo funde limayenda m'wayamo, kukagunda kumapeto, n'kubwerera kudzakumana ndi linzake lomwe likubwera.

Tengani chingwe choyanikira zovala chomangidwa pamtengo, muzichigwedeza mpaka mafunde ataima malo amodzi. Pamfundo pomwe chamangidwa sichisuntha n'komwe. Ndiyo short ija, voteji ndi ziro. Mukabwerera m'mbuyo kota ya funde, pamenepo mpomwe chikuvina kwambiri. M'waya zikutanthauza kuti voteji yafika pamwamba, current yatsika mpaka ziro, ndipo impedance, yomwe ndi voteji kugawa ndi current, yakwera mopanda malire. Masamu akenso ndi omwewo: funde layenda kota popita ndi kota pobwera, ndiwo madigiri 180, short yalitembenuza ndi madigiri 180 ena, likufika pakhomo litazungulira 360, likugwirizana ndendende ndi lomwe likulowa. Ndakhala ndikubwereza zimenezi chamumtima ngakhale ndili pamzere wa nsima, ndipo nthawi iliyonse zikumandikomabe.

Chenjerani podula waya. Mu coax ya mtundu wa RG-58 funde limayenda pa 0.66 ya liwiro la kuwala, choncho kota yake pa 100 MHz si masentimita 75, ndi pafupifupi theka la mita.

Kumene zonsezi zimaonekera poyera ndi pa Smith chart, pepala la bwalo pomwe impedance iliyonse imakhala kadontho. Phillip Smith wa ku Bell Labs anaifalitsa mu 1939, ndipo ine ndikuti palibe chida chophunzirira RF choposa pepala limeneli. Short ili kumanzere, open ili kumanja. Theka la wavelength ndi kuzungulira bwalo lonse, kota ndi theka la bwalo. Ikani nsonga ya kampasi pakati, pensulo pa short, zungulizani theka, mwafika pa open. Dzanja limamva msanga kuposa mutu. Mukafuna kugwirizanitsa load (chomwe chalumikizidwa kumapeto) ya 100 ohm ndi mzere wa 50 kuti funde lisabwerere, mumaika pakati kota ya 70.7 ohm, ndipo pa chart mumaona ndi maso chifukwa chake. Ena akuti pulogalamu ya pakompyuta imachita zonsezi m'kuphethira kwa diso. Inde, koma imangokupatsa nambala. Ndikanakhala ine, munthu sakanaloledwa kuitsegula asanathe pensulo yathunthu pa chart.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikakumbukira momwe tinaphunzitsidwira. Masabata anathera pa telegrapher's equations, masamu a mafunde a m'waya, bolodi lodzaza ma partial derivative, ife tikungokopera. Chart inabwera kumapeto kwa phunziro lina anthu atayamba kale kulongedza mabuku, n'kutiuza kuti tikayesere tokha. Ku labu nakonso, gulu lonse kuunjikana pa makina oyezera amodzi, network analyser, wogwira ndi mmodzi, enafe kusuzumira paphewa. Sindikuti aphunzitsi sadziwa, amadziwa zedi. Koma semesita ndi yaifupi, magetsi akathima labu yapita, ndipo chinthu chimene chikanatitsegula mitu n'chimene chinapatsidwa mphindi zochepa.

Komatu ntchito yake tikuiona tsiku ndi tsiku. Nsanja za netiweki zimene zaima pamwamba pa zitunda za tiyi, chilichonse chili pamenepo chimadalira kuti mphamvu yochoka mu transmitter ilowe mu antenna osabwerera. Kungolumikiza 75 ohm pa mzere wa 50, VSWR, nambala yosonyeza kukula kwa funde lobwerera, imakhala 1.5 ndipo 4 peresenti ya mphamvu imabwerera. Imeneyo ndi yochepa, koma connector ikalowa madzi nthawi ya chiperoni nambalayo imakwera, ndipo transmitter imatentha kapena kudzichepetsera yokha mphamvu.

Pamene ndaima n'poti kota ija ndi kota pa frequency imodzi yokha. Bandi ya FM imayambira pa 87.5 mpaka 108 MHz, ndiye ukasuntha pang'ono kadontho kamachoka pakati pa chart, pomwe palibe chobwerera. Akuti ukalumikiza zidutswa zingapo motsatizana bandi imakula, ndipo masamu ake, otchedwa a Chebyshev, ndawaona, koma dzanja langa silinawamvebe. Kutsogoloku kukubwera waveguide, chitoliro chopanda waya wapakati. Voteji ndiziyeza pakati pa chiyani ndi chiyani mmenemo? Mwina kampasi yanga igwirabe ntchito, mwina ndiyambiranso pansi, sindikudziwa.